Chofunda cha Zigamba: Mbiri ya Nsalu Yathu Tikaionera ku Matandani

Mwezi wa June ukafika, kuzizira kwa m'mapiri a ku Neno sikuchita chibwana. Ku Matandani dzuwa likangopendeka, mphepo imatsika m'zitunda n'kulowa m'nyumba kudzera m'mipata ya zitseko, ndipo mayi aliyense amayamba kuwerengera ngati zofunda zimene ali nazo zikwanire ana onse. Kukacha, zofundazo zimayanikidwa pazingwe ndi pamipanda. Zambiri ndi mabulangete a m'sitolo, koma apa ndi apo timaonabe chofunda cha mtundu wina: tizidutswa ta zitenje, tofiira, tachikasu, tamaluwa, tamizeremizere, tolumikizidwa pamodzi mpaka kukwana poti munthu n'kufunda. Timachitcha cha zigamba. Ambiri a ife tinakula tikuchita nacho manyazi. Kukabwera mlendo tinkachibisa, iyeyo n'kumupatsa bulangete logula, chifukwa m'maganizo mwathu chigamba chinali mboni ya usiwa.

Lero ntchito yomweyo yabwerera itavala ulemu. M'masitolo a alendo odzaona dziko ku Blantyre, ku Lilongwe ndi m'mbali mwa nyanja, nsalu zoyala pabedi ndi zikwama za zigamba zikugulitsidwa pamtengo umene agogo athu sakanaukhulupirira. Kuli amayi apantchito amene kumapeto kwa sabata amakhala pamakina n'kumalumikiza zidutswa za zitenje, osati chifukwa chosowa bulangete, koma chifukwa chokonda kuona mitundu ikugwirizana. Ena mwa ife poona zimenezi amati ndi luso lachizungu limene langofika kumene. Mbiri ikunena zosiyana. Kulumikiza zidutswa kunabadwa m'nthawi imene nsalu inali chuma, ndipo manyazi amene tili nawo pa chigamba ndi achichepere kuposa chigambacho. Kuti timvetse zimenezi, tiyenera kubwerera kumene nsalu yathu inachokera.

Nsalu isanafike m'sitolo

Makolo athu ankavala zimene nkhalango ndi munda zinkawapatsa. Kupatula zikopa, chovala cha anthu ambiri chinali nyanda, imene ena amati chiwondo. Mwamuna ankasenda khungwa la mtengo wa mombo, n'kuliviika m'madzi, kenako n'kulisula ndi kachibonga pachipika mpaka litafewa ndi kutambasuka. Nyanda sinkachedwa kung'ambika, makamaka ikanyowa, ndipo kupeza ina kunkafuna ulendo wa kuthengo ndi masiku a thukuta.

Panalinso thonje. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859, anapeza Amang'anja akulima thonje, kulipota ndi kuomba nsalu m'midzi yambiri. Iye analemba za thonje la konkuno, laulusi waufupi koma wolimba, ndi lina limene mbewu yake inachokera kunja. Kupota ndi kuomba inali ntchito ya amuna, ndipo inali yodya nthawi: kuchotsa njere, kupota ulusi pakamtengo, kuutchera pazikhomo zokhomedwa pansi, n'kumaomba mzere umodziumodzi. Nsalu zimenezi, zotchedwa machila, zinkatsika mpaka ku Zambezi, kumene Apwitikizi a ku Sena ndi ku Tete ankazigwiritsa ntchito pamalonda ngati ndalama. Boma la Neno lili pakati pa Shire ndi malire a chigawo cha Tete, ndipo mpaka lero thonje limalimidwa kuchigwa kwake, cha ku Lisungwi.

Munthu amene wathera masabata akuomba nsalu imodzi sangataye kachidutswa kake. Apa ndi pamene pali muzu wa nkhani yathu. Kusunga nsanza, kusoka pong'ambika ndi kuphatikiza zotsala sichinali chizindikiro cha ulesi kapena umphawi wa munthu mmodzi. Unali mwambo wa anthu onse, pakuti aliyense ankadziwa mtengo wa ulusi.

Merikani, kaniki ndi mtengo wa munthu

M'zaka za m'ma 1800 nsalu za kunja zinayamba kulowa kumtunda kuno mochuluka. Mu 1833 dziko la America linapangana za malonda ndi Seyyid Said, mfumu ya ku Oman imene inkalamuliranso Zanzibar. Zombo za ku Salem, m'chigawo cha Massachusetts, zinkatula ku Zanzibar nsalu yoyera yolimba, imene Aswahili anaitcha merikani potengera dzina la dziko lake. Ku India kunkachokera kaniki, nsalu yonyikidwa mu utoto wabuluu wodera. Amalonda a Chiyawo ndi a Chiswahili ndiwo ankabwera ndi mitolo imeneyi kuchokera ku Kilwa ndi madoko ena, kudzera m'midzi ya mafumu monga Mataka, Makanjira ndi Mponda, ndiponso padoko la Jumbe ku Nkhotakota. Nsalu inkayezedwa ndi mkono ndi mkwamba, ndipo inkagula chilichonse: chakudya cha paulendo, chilolezo chodutsa m'dziko la mfumu, ndi minyanga ya njovu.

Inkagulanso anthu. Sitingakambe mbiri ya nsalu mwachilungamo titalumpha mfundo imeneyi. Thonje la merikani linkalimidwa ndi akapolo achikuda m'minda ya kummwera kwa America, ndipo nsalu yake ikafika kuno inkasinthanitsidwa ndi akapolo ena. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America, imene inachitika kuyambira 1861 mpaka 1865, itasokoneza malondawo, mafakitale a ku Bombay ndi ku Manchester analanda msika, koma dzina la merikani linatsala pakamwa pa anthu. Ngakhale malonda a akapolo atathetsedwa, nsalu inapitiriza kugwira ntchito ya ndalama. Kampani ya Mandala, imene inakhazikitsidwa mu 1878, pamodzi ndi azungu a minda ya khofi, ankalipira atengatenga ndi antchito awo m'mayadi a nsalu. Mwamuna wobwera kuntchito ankaika malipiro ake paphewa, ndipo banja lonse linkakhala pansi kukambirana mmene nsaluyo aidulire.

Kugombe komweko kuli nkhani imene imatikhudza kwambiri. Amati cha pakati pa zaka za m'ma 1800, amayi a ku Zanzibar ndi ku Mombasa anayamba kugula timipango tosindikizidwa, totchedwa leso, n'kumalumikiza timipango 6 kuti tikhale nsalu imodzi yovala. Amalonda ataona kuti kavalidweka kafala, anaitanitsa kumafakitale nsalu yathunthu yosindikizidwa kale, ndipo umu ndi mmene kanga inayambira. Ngati zili choncho, nsalu yamaluwa ya kum'mawa kwa Africa inayamba ngati ya zigamba, ndipo fakitale inachita kutsanzira singano ya mayi.

Chitenje chimene tachizolowera chili ndi ulendo wina. Pachilumba cha Java, ku Indonesia, anthu ankalemba maluwa pansalu ndi phula asanainyike mu utoto. Anthu a ku Holland anayesa kuchita zomwezo ndi makina, ndipo fakitale imene lero imatchedwa Vlisco, ku Helmond, inayamba mu 1846. Ku Java nsalu za makinazo sizinakondedwe kwenikweni, koma kumadzulo kwa Africa zinalandiridwa ndi manja awiri, n'kufalikira ku Congo mpaka kufika kuno. N'chifukwa chake mpaka lero zitenje zina timazitcha za Java, ngakhale sizinaoneko chilumbacho.

Singano pamishoni

Matandani akulowa m'mbiri imeneyi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Mpingo wa Seventh-day Adventist unayamba ntchito yake m'dziko muno mu 1902 ku Malamulo, m'boma la Thyolo, ndipo mu 1908 unatsegula mishoni ina ku Matandani, kumene Samuel Konigmacher ndi mkazi wake anakakhala. M'kupita kwa nthawi malowa anatchuka ndi sukulu ya ntchito zamanja, kumene anyamata ankaphunzira ukalipentala ndi zomangamanga. Amayi a mpingowo ali ndi bungwe la Dorika, limene linayambira ku Battle Creek, m'chigawo cha Michigan, mu 1874, ndi cholinga chosoka zovala ndi kuthandiza osowa. Amishonale ambiri a ku America ankachokera m'mabanja amene kusoka zofunda za zigamba kunali ntchito yodziwika ya m'nyengo yachisanu.

Maphunziro a singano sanali a ku Matandani kokha. Ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, Emma DeLany, mayi wachikuda wa ku America amene anafika mu 1902, ankaphunzitsa amayi kusoka pamishoni ya John Chilembwe, ndipo Ida Chilembwe anapitiriza ntchitoyo. Ku Domasi, sukulu ya Jeanes imene inatsegulidwa mu 1929 inkaphunzitsa aphunzitsi pamodzi ndi akazi awo, ndipo akaziwo ankaphunzira zapakhomo, kuphatikizapo kusoka, kuti akaphunzitse anzawo kumidzi. Dziko litalandira ufulu, zosokasoka zinakhala phunziro la atsikana m'sukulu za pulayimale, ndipo alangizi a zapakhomo ankasonkhanitsa amayi pansi pa mitengo. Paliponse phunziro loyamba linkachitikira pakachidutswa, chifukwa palibe amene akanapereka nsalu yathunthu m'manja mwa wophunzira. Mtsikana ankayamba ndi mpendero, kenako chigamba, kenako boola la batani.

Tisanene kuti amishonale ndiwo anatiphunzitsa kusunga nsalu, pakuti taona kale kuti mwambowo anaupeza. Chimene maphunziro otere anawonjezera ndi ndondomeko: kuyeza, kudula zidutswa zofanana, kuwongola mzere ndi kubisa mfundo. Ndipo luso silikhala m'mpanda. Mayi wophunzira pamishoni ankakhala pamkeka umodzi ndi mlamu wake wa mpingo wina kapena mnansi wake wachisilamu, ndipo singano sinkafunsa chipembedzo cha dzanja loigwira.

Makina pakhonde

Chimene chinachulukitsa zidutswa ndi makina osokera. Isaac Singer analembetsa makina ake ku America mu 1851, ndipo patapita zaka makina opalasa ndi phazi anafika m'masitolo a amwenye amene anafalikira m'maboma ndi m'misika ya kumidzi. Munthu ankagula nsalu m'kati mwa sitolo, potuluka n'kuipereka kwa telala wokhala pakhonde. Matelala anali amuna, ndipo ambiri mwa odziwika anali Ayawo, amene anazolowera kale kusoka mikanjo ndi mizuli. Amuna obwera ku migodi ya ku Johannesburg ndi kuntchito za ku Salisbury, kumene lero timati Harare, ankabwera ndi mabulangete, njinga ndi makina osokera. Bulangete la ku Joni linkapatsa munthu ulemu pamudzi, ndipo mwina ndi pomwepa pamene chofunda chosoka pamanja chinayamba kuoneka chotsika.

Pansi pa tebulo la telala aliyense pankakhala mulu wa zidutswa, ndipo muluwo sunkagona masiku ambiri. Ana ankatumidwa kukapempha. Zazitali zinkakhala chingwe cha koloboyi kapena nkhata yosenzera ndowa. Zing'onozing'ono zinkalowetsedwa m'thumba la saka n'kukhala chopondera pakhomo. Atsikana ankasokera zidole. Zazikulu ndi zokongola mayi ankazisunga m'sutikesi mpaka zitakwana chofunda cha mwana.

Mu 1967 fakitale ya David Whitehead and Sons inayamba ntchito ku Blantyre. Kwa nthawi yoyamba chiyambire kutha kwa machila, thonje la alimi a m'dziko muno linayamba kupotedwa, kuombedwa ndi kusindikizidwa maluwa konkuno mochuluka. Mu 1973 boma linakhazikitsa lamulo la kavalidwe limene linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo chitenje chinakhazikika monga chovala cha mayi aliyense. Chinakhalanso nyuzipepala yoyenda. Panali zitenje za nkhope ya Dr. Kamuzu Banda zimene mbumba zinkavala povina, zitenje za mabungwe a amayi m'mipingo ndi m'mizikiti, ndi zitenje zokumbukira misonkhano. Ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994, chipani chilichonse chinasindikiza chake.

Ichi n'chifukwa chake chofunda chakale cha zigamba chimawerengeka. Mwini wake akhoza kuloza kachidutswa n'kunena kuti aka kanatsala pa diresi la ukwati, aka pa yunifolomu ya mwana woyamba, aka pa chitenje chimene malemu amayi anaberekera ana onse. Mitundu ya zipani zimene zinkanyozana pamisonkhano imapezeka itasokedwa moyandikana, ikufunditsa mwana mmodzi.

Nyengo ya kaunjika

M'zaka za m'ma 1990 zipata za malonda zinatsegulidwa. Mabelo a kaunjika anasefukira m'misika yonse, ndipo pambuyo pake panabwera mabulangete opepuka, otsika mtengo, a ulusi wa pulasitiki ochokera ku Asia. Tinene zoona: kaunjika anathetsa usiwa m'mabanja ambiri. Mwana wa mlimi anayamba kuvala juzi m'nyengo yozizira, chinthu chimene agogo ake sanachilote. Koma walira mvula walira matope. Fakitale ya Whitehead inalephera kupikisana ndi zovala zotsika mtengo chotero, inachepetsa antchito, ndipo mu 2003 inagulitsidwa kwa kampani ya Mapeto. Lero thonje lathu lochuluka limatuluka m'dziko litangochotsedwa njere, pamene zitenje zambiri za pamsika zimachokera ku China, ku India, ku Tanzania ndi kumayiko ena. Mlimi wa ku Lisungwi amagulitsa thonje, mkazi wake n'kukagula chitenje chimene chaoloka nyanja.

Matelala ambiri anatsala ndi ntchito yochepetsa zovala za pakaunjika ndi kusoka mayunifolomu. Chimene chinatayika koposa ndi maganizo aja akuti nsalu ndi chuma. Chovala chikang'ambika sitisokanso, timagula china. Zidutswa za kwa telala zimasesedwa madzulo n'kutenthedwa, kapena zimakatseka ngalande za m'misika. Atsikana ambiri akumaliza sukulu asanagwirepo singano. Mu 2020, matenda a Covid-19 atafika, tinakumbutsidwa mwadzidzidzi mtengo wa kachidutswa, pamene matelala m'dziko lonse anasandutsa zotsala za zitenje kukhala zotchinga pakamwa ndi mphuno. Mliri utachepa, tinayambiranso kuzitentha.

Zigamba za abale akutali

Pamene ife tinkachita manyazi, anthu ena anakweza chigamba pamwamba. Ku Gee's Bend, kamudzi ka m'chigawo cha Alabama ku America, zidzukulu za akapolo olima thonje zinkasoka zofunda ndi mathalauza akale a kumunda ndi matumba, pofuna kudziteteza ku chisanu m'nyumba za matabwa. Mu 2002 zofundazo zinaonetsedwa m'nyumba zazikulu zosungira zaluso ku Houston ndi ku New York, ndipo akatswiri anaziika m'gulu la zaluso zapamwamba za dzikolo. Amayiwo sanasinthe kasokedwe kawo. Anasintha ndi maso a oona.

Ku India, m'chigawo cha Karnataka, kuli anthu otchedwa Siddi, zidzukulu za Aafirika amene anatengedwa kugombe la kum'mawa kwa Africa, ena mwa iwo ndi Apwitikizi kudzera ku Goa. Amayi awo amasoka zofunda zotchedwa kawandi. Amayala sari yakale pansi, n'kuyamba kusanja zidutswa kuchokera m'mphepete, kumazungulira mpaka kukathera pakati. Ku Sindh, m'dziko la Pakistan, zofunda za zigamba zotchedwa ralli zimalowa m'katundu amene mkwatibwi amapita naye kubanja.

Kwa Asilamu chigamba chili ndi mbiri yakeyake. Olemba mbiri ya makhalifa amasimba kuti Umar ibn al-Khattab, Allah asangalale naye, ankavala chovala cha zigamba pamene ankalamulira dziko lalikulu. Masufi ambiri anasankha mkanjo wa zigamba monga chizindikiro cha kudzichepetsa. Ku Sudan, otsatira a Mahdi m'zaka za m'ma 1880 ankavala jibba ya zigamba, imene poyamba inali ya umphawi weniweni koma kenako inasanduka yunifolomu yosokedwa mwaluso. Ku Senegal, gulu la Baye Fall limadziwika mpaka lero ndi zovala za zidutswa zamitundumitundu. Kumalo onsewa nkhani ndi imodzi: chimene chinayamba chifukwa cha kusowa chinapatsidwa ulemu ndi anthu amene anakana kuchinyoza.

Mmene chimasokedwera

Wofuna kuyamba safunika zambiri: zidutswa, sizasi, singano, ulusi wolimba, simbi ndi kachidutswa ka katoni koyezera. Choyamba ndi kuchapa zidutswa zonse, chifukwa zitenje zina zimasuluka ndipo za thonje zimafupika zikakumana ndi madzi. Wosoka asanachape amadzalira tsiku loyamba lochapa chofundacho, pamene chofiira chalowa m'choyera ndipo misoko yakwinyika. Ndi bwinonso kusaphatikiza nsalu yolemera ndi yopepuka, kapena yatsopano ndi yofumbwa, pakuti yolimba imakoka yofooka mpaka kuing'amba.

Kenako ndi kudula. Masamu ake ndi osavuta. Chofunda cha mamita 2 m'litali ndi mita imodzi ndi theka m'lifupi chimafuna zidutswa 300 ngati chilichonse chili masentimita 10 mbali zonse, ndiko kuti mizere 20 ya zidutswa 15. Podula, pamafunika kuwonjezera sentimita imodzi mbali iliyonse ya msoko. Zidutswa zimalumikizidwa kukhala mizere, msoko uliwonse n'kusitidwa kuti ugone, kenako mizereyo n'kulumikizidwa. Pang'onopang'ono ndi mtolo: mayi wosoka mzere umodzi madzulo alionse amamaliza nsalu ya pamwamba mwezi usanathe.

Chitenje chili ndi vuto lake, limenenso ndi ulemerero wake. Maluwa ake ndi aakulu ndipo mitundu yake ndi yofuula. Duwa lalikulu likadulidwa tizidutswa ting'onoting'ono limatayika, n'kutsala mabala a utoto opanda tanthauzo. Odziwa amadula zidutswa zazikulu pamene pali chithunzi chimene akufuna chioneke, monga nsomba, mbalame kapena mphika, n'kuchizunguliza ndi tizidutswa tating'ono. Amadziwanso kuti zitenje zofuula zikayandikana zonse zimakangana, monga anthu olankhula nthawi imodzi pabwalo. Choncho amaika pakati pake nsalu ya mtundu umodzi, yakuda, yoyera kapena yabuluu, kuti diso lipume. Asanasoke amayala zidutswa zonse pamphasa, n'kuima chapatali, n'kumasuntha chowala kuti chikhale pafupi ndi chodera mpaka mtima utakhazikika. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nsalu ya pamwamba ikatha, ntchito ili pakati. Chofunda chofunda bwino chimakhala ndi magawo atatu: zigamba pamwamba, bulangete lakale kapena thonje loyala mopyapyala pakati, ndi chitenje chathunthu pansi. Kutentha kumasungidwa ndi mpweya wotsekeredwa pakati pa magawowa, ndipo ndi chifukwa chake bulangete lothetheka, limene palokha silingatchinge mphepo, limakhalanso ndi moyo likakutidwa. Magawo atatuwo amagwirizanitsidwa ndi misoko yoyenda mizeremizere chofunda chonse, kapena ndi timfundo ta ulusi tomangidwa motalikirana pang'ono. Pomaliza, m'mphepete monse mumapindiridwa kansalu kuti musayoyoke. Ntchito yomaliza imeneyi imakoma ikagwiridwa ndi anthu angapo atakhala mozungulira, ndipo nkhani zambiri za pamudzi zakambidwa pamalo otere.

Chimene tingataye

Wina angafunse kuti tivutikiranji, pamene bulangete lili pamsika. Yankho loyamba ndi la m'thumba. Bulangete limafuna ndalama, ndipo m'miyezi yozizira mabanja ambiri a m'mapiri a Neno amakhala ndi ana ogona atatu pansi pa chofunda chimodzi, pamene zidutswa zokwana kuwafunditsa zikutenthedwa kuseri kwa msika. Yankho lachiwiri ndi la malonda. Ngati alendo akugula zoyala pabedi za zigamba, phindu lake lifike m'manja mwa amayi a kumidzi, amene agogo awo ndiwo anasunga lusoli. Kuti zitero pafunika misoko yowongoka, nsalu zosasuluka ndi magulu ogulitsa pamodzi, osati munthu aliyense payekha kutsitsidwa mtengo ndi ogula apakati.

Yankho lachitatu ndi lovuta kuliyeza pasikelo. Luso la manja silisungidwa m'buku. Limachoka m'dzanja kulowa m'dzanja, ndipo mbadwo umodzi ukalumphidwa limazimirira, monga mmene kunazimiririra kuomba machila. Zaka zoposa 160 zapitazo m'chigwa cha Shire munali anthu oomba nsalu pafupifupi m'mudzi uliwonse, koma lero n'kovuta kupeza ngakhale mmodzi wotionetsa mmene ankatcherera ulusi. Iwo anasiya chifukwa cha nkhondo ndi njala za m'masiku amenewo, komanso chifukwa merikani anali wofewa ndi wopezeka msanga. Palibe amene anakhala pansi n'kugamula kuti lusolo life. Linangofa, aliyense atatanganidwa ndi nsalu ya m'sitolo.

Amayi odziwa kusoka zigamba akadalipo ku Matandani ndi m'midzi yozungulira, monganso m'maboma ena. Ambiri ndi achikulire, ndipo maso awo ayamba kuvutika kulowetsa ulusi pasingano. Magulu a amayi a m'mizikiti ndi m'mipingo, amene amakumana kale sabata ndi sabata, angathe kuwaitana kuti aphunzitse, ndipo anyamata asasiyidwe kunja, pakuti taona kuti oomba ndi matelala oyamba anali amuna. Telala wa pamsika angathe kusunga zidutswa m'thumba m'malo mozisesera pamoto. Kholo lingathe kupatsa mwana singano ndi tizidutswa tiwiri, monga ankachitira makolo athu.

Chigamba sichinayambe chakhala chamanyazi pachokha. Tinachichititsa manyazi ndife, pamene tinayamba kuyeza ulemu wa banja ndi zinthu zogula. M'chofunda chimodzi muli thonje la Amang'anja, malonda a ku Kilwa ndi misozi yake, maphunziro a pamishoni, makina a pakhonde ndi zitenje za amayi athu. Mlendo akadzafika m'nyengo yozizira ikubwerayi, tidzamupatse chofunda cha zigamba, ndipo akafunsa za kachidutswa kalikonse, tidzakhale nalo yankho.